Tenin Akufuna Kugona Padenga

Tenin ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kugona padenga.

Inali nyengo yotentha mumzinda wa Djenné. Makoma ankatentha. Mchenga unkatentha. Ngakhale madzi a mumtsuko ankafunda. Dzuwa likalowa, anthu ankapinda mikeka yawo. Ankakwera masitepe. Ankakagona pamwamba pa nyumba zawo, pamadenga adothi osalala bwino.

Padenga pali kamphepo. Padenga pali nyenyezi. Padenga palinso Hawoye, mnzake wa Tenin wa nyumba yoyandikana. Pakati pa madenga awo pali kakhoma kakafupi. Atsikana awiriwa ankayala mikeka m'mbali mwa kakhomako. Ankanong'onezana mpaka tulo titawaba.

Koma masiku amenewa Tenin sankagona padenga. Ankagona pansi, m'chipinda. Anachititsa zimenezi ndi Ladji.

Ladji anali mlongo wake wamng'ono. Anali asanakwanitse zaka zitatu. Anali ndi kamimba kotsogola ndi mawu aakulu. Anali atangosiya matewera. Amayi anamugulira poti yofiira kumsika, yoti azidzithandiziramo.

"Poti yanga!" ankatero Ladji.

Ankayenda nayo pabwalo ponse. Ankakhalapo ngati bwana. Akamaliza, ankaitana aliyense.

"Amayi, bwerani muone! Tenin, bwera uone!"

Ngakhale nkhosa ya pakhomo ankaiitana kuti idzaone. Masana zonse zinkayenda bwino.

Vuto linayamba chonchi.

Kutentha kutangoyamba, onse atatu anakwera padenga. Amayi, Tenin ndi Ladji. Abambo anali kuntchito ku Bamako. Amayi anatenga mkeka. Tenin anatenga mtsamiro. Poti anaiiwala pansi.

M'bandakucha Ladji anadzuka. Mkodzo unamupana. Anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Poti panalibe.

Ladji sanafune kunyowetsa mkeka. Anali wamkulu tsopano. Pakona ya denga panali kabowo kotulutsira madzi a mvula. Madzi akalowa pakabowoko, amadutsa m'paipi yadothi n'kugwera m'kanjira. Ladji anaima pomwepo.

Tsoooo!

Pansi pa paipiyo panali bedi. Pabedipo panagona agogo Zoumana Traoré, osoka mikanjo, a nyumba yoyang'anana ndi ya kwa Tenin. Nyengo yotentha iwo ankagona panja, m'mbali mwa khoma.

"Mvula?" anadzidzimuka agogo Traoré. "Mvula yanji yofunda chonchi?"

Anayang'ana kumwamba. Kunalibe mtambo. Kunali kamutu ka Ladji.

"Haa! Diarra! Ndinadziwa ine! Ntchito za a Diarra izi!"

Tenin ndi Ladji ndi a mfunda wa Diarra. A Diarra ndi a Traoré ali pachisuweni cha nthabwala. Akakumana amasereulana. Wamkulu amasereula mwana. Mwana amasereula wamkulu. Palibe mlandu, ndipo palibe wokwiya.

Agogo Traoré anaimirira m'kanjira, madzi akuchucha pandevu. Analoza padenga ndi chala.

"Kadiarra iwe! Kodya nyemba iwe! Ukadzakodzanso usiku, ndidzakwera konko! Ndidzakuika m'thumba la nyemba! Ndidzakakugulitsa kumsika wa Lolemba!"

Anthu anaseka pamadenga onse. Hawoye anaseka. Amayi anaseka, uku akupepesa.

"Pepani, bambo! Chofundacho tichapa ife!"

Tenin anaseka mpaka misozi. N'chifukwa chake sanaone kuti Ladji sanaseke.

Madzulo ake poti sanaiiwale. Amayi anaiika pafupi ndi mkeka. Ladji anagona pamkeka. Anatseka maso. Anawatsegulanso.

"Poti!"

Anakhala. Anadikira. Palibe chinatuluka.

"Bwera ugone," anatero Amayi.

Ladji anagona. Anatseka maso. Anawatsegulanso.

"Poti!"

Anakhala. Anadikira. Palibe chinatuluka.

Kenako anayamba kulira. Padenga, kulira kumapita kutali. Kumalumpha makoma. Kumalowa m'makutu a anthu onse.

"Mwana wa ndani ameneyo?" wina anafuula.

"Mumuyamwitse kapena!"

"Ife mawa kuli ntchito, anthuni!"

Mawa lake zinali chimodzimodzi. Mkuja wake chimodzimodzi. Pamapeto pake Amayi anapinda mkeka.

"Basi, tiyeni titsike. Tikusowetsa anthu tulo."

"Ine nditsale, Amayi?" anapempha Tenin.

"Ayi. Sungagone wekha padenga."

"Sindili ndekha. Pali Hawoye."

"Hawoye ali padenga la kwawo. Tenga mtsamiro, mwanangu."

Tenin anatenga mtsamiro. Anatsika pang'onopang'ono. Hawoye anamuyang'ana mpaka mutu wake utabisika.

M'chipinda munkatentha ngati mu uvuni wa buledi. Munalibe kamphepo. Munalibe nyenyezi. Thukuta linkayenderera m'khosi. Tenin ankatembenuka uku, n'kutembenukanso uko.

Pamwamba ankamva anthu akucheza. Ankamva wina akuthira tiyi. Ankamva Hawoye akuseka ndi azichemwali ake. Akuseka chiyani? Tenin sankadziwa. Mtima unkamuwawa.

Kale Amayi ankamukanda kumsana kuti agone. Tsopano manja onse awiri anali a Ladji. Dzanja lina lomusisita. Dzanja lina logwira poti.

Tenin analisowa denga. Anamusowa Hawoye. Anawasowa Amayi, ngakhale anali pompo.

"Poti!" anatero Ladji.

Anakhala. Anadikira. Palibe chinatuluka.

Amayi anayesa zambiri. Anamusambitsa madzi ozizira madzulo. Sizinathandize. Anachepetsa madzi akumwa dzuwa likalowa. Sizinathandize. Anamubereka kumsana n'kumazungulira naye pabwalo. Anamuimbira nyimbo zonse zimene ankadziwa. Ladji ankasinza, mutu n'kugwa, kenako n'kudzidzimuka.

"Poti!"

Tsiku lina Amayi anatulutsa thewera lakale.

"Vala ili usiku wokha, Ladji. Palibe adziwe."

"Ayi!" anakuwa Ladji. "Ine wamkulu!"

Analiponya kutali. Linakagwera pamutu pa nkhosa.

Masana tulo tinkamugwira paliponse. Anagona pakhomo, anthu n'kumamudumpha. Anagona ndi mpunga m'dzanja. Anagona ngakhale papoti, mutu utatsamira khoma. Koma mdima ukangoyamba, maso ake ankakhala gwaa.

Amayi ankasinza akusenda anyezi. Tenin ankasinza m'kalasi. Nyumba yonse inali yotopa.

M'mawa wina Tenin anakumana ndi Hawoye pampopi.

"Ubwera liti padenga?" anafunsa Hawoye.

"Ladji akayamba kugona."

"Ayamba liti?"

"Kaya."

"Fulumira, iwe. Abambo akuti mitambo yayamba kum'mawa. Mvula ili pafupi."

Tenin anayang'ana kum'mawa. Kunalidi timitambo toyera. Mvula ikayamba, palibe amagona padenga. Mikeka imatsika. Anthu amadikira chaka chamawa. Chaka chamawa n'kutali kwambiri.

"Malo ako ndakusungira," anatero Hawoye. "Ndili ndi nkhani zambiri. Koma ndi za padenga. Pampopi sindinganene."

Tenin anasenza ndowa yake. Anafika kunyumba. Anapeza Ladji atakhala papoti, akuyasamula. Kunena zoona, Tenin anali atatopa naye mwanayu.

"Iwe! Bwanji sugona? Nkhuku zimagona. Nkhosa imagona. Iwe wekha ndiye ayi? Wandilanda denga!"

Ladji anamuyang'ana. Maso ake anali ofiira. Tenin anatula ndowa n'kupita kuseri kwa nyumba, chifukwa nayenso misozi inali pafupi.

Lolemba linafika. Amayi anapita nawo kumsika. Kunali anthu, abulu, ngolo ndi fumbi. Amayi anagula anyezi. Anagula nsomba zouma. Ladji ankayenda atagwira chala cha Tenin.

Anafika pogulitsira nyemba. Matumba anali pamzere. Ena anali otsegula. Ena anali omanga kukamwa ndi chingwe.

Ladji anaima. Anafinya chala cha Tenin.

"Tiye, iwe," anatero Tenin.

Ladji sanasunthe. Analoza thumba lomanga.

"Ana ali mmo?" ananong'ona.

"Ana ati?"

"Okodza."

Tenin ananjuta. Anamuyang'ana kumaso.

"Wati chiyani, Ladji?"

"Ladji akagona, akodza. Agogo akwera. Amuika m'thumba." Anagwira malaya a Tenin ndi manja onse awiri. "Ladji sagona. Ladji salowa m'thumba."

Tenin anayang'ana thumba lija. Anakumbukira m'bandakucha uja. Anakumbukira chala cha agogo Traoré. Anakumbukira mmene iye mwini anasekera.

"Ladji, zinali nthabwala!"

"Nthabwala n'chiyani?"

Tenin anaimirira. Ananyamula mlongo wake, ngakhale anali wolemera. Anadutsa naye mbali ina, kutali ndi matumba.

Kunyumba anawauza Amayi. Amayi anagwira pakamwa.

"Mayo ine! Ndipo tinaseka tonse!"

Anamuika Ladji pamiyendo.

"Mwanangu, agogo aja amangosewera. Palibe angakugulitse."

Ladji anapukusa mutu.

"Anena okha," anatero. "Ladji wamva."

Amayi anapumira m'mwamba.

"Anene okha basi, kuti akhulupirire. Koma ine ndipita bwanji? Ine ndine wa kwa Cissé. Sindingakadzudzule munthu wamkulu chonchija. Amene angalankhule nawo momasuka ndi a Diarra. Abambo ako akanakhalapo, bwenzi atapita."

Tenin anaganiza. Abambo ali ku Bamako. Ladji ndi mwana. Ndiye Diarra watsala ndani?

"Ndipita ine," anatero.

Agogo Traoré anali pakhomo pawo. Ankasoka maluwa pakhosi la mkanjo woyera. Magalasi anali kunsonga kwa mphuno. Pambali, tiyi ankawira pakambaula.

Tenin anali asanawasereulepo n'kale lonse. Ankangomva akulu akutero.

"Mwaswera bwanji, agogo?"

"Ndaswera, Diarra. Kunyumba ali bwanji?"

"Ali bwino."

"Amayi ako?"

"Ali bwino."

"Nanga nyemba, mwadya kale?"

Tenin anayandikira pang'ono.

"Odya nyemba ndinu," anatero motsitsa mawu.

Agogo Traoré anatsitsa magalasi.

"Wati bwanji? Kweza mawu. Kapena nyemba yakutsamwa?"

"Odya nyemba ndinu! Mwatilanda denga!"

Agogo anaseka. Anaomba m'manja.

"Eee! Lero Diarra wakula! Denga lanu ndalibisa kuti? M'thumba la mkanjowu?"

Koma Tenin sanaseke. Anafotokoza zonse. Anafotokoza za poti. Anafotokoza za m'chipinda motentha. Anafotokoza za matumba a kumsika. Anafotokozanso za mitambo ya kum'mawa.

Agogo Traoré anaika singano pansi.

"Kulira konse kuja n'chifukwa cha ine?"

"Inde."

"Ine ndimayesa m'mimba." Anadzimenya pamlomo ndi zala. "Pakamwa panga apa! Ndasereula a Diarra moyo wanga wonse. Agogo ako ndinawasereula. Abambo ako ndinawasereula. Ndinaiwala kuti uyu ndi watsopano."

Anachotsa tiyi pamoto. Anatenga bango lalikulu lakupsa m'dengu la mango.

"Diarra akapempha, ife a Traoré sitikana. Tiye."

Ladji anali pabwalo, akukoka poti ndi chingwe. Anamva ndodo pakhomo. Go, go, go. Anatembenuka. Anaona ndevu zoyera.

"Abweraaa!"

Anasiya poti. Anathamanga. Anakwera masitepe ndi manja ndi miyendo, ngati kamphaka. Anakabisala padenga.

Agogo Traoré anangoima ndi bango lawo.

"Ndaonjezatu moto," anatero.

Tenin anathamangira padenga. Anapeza Ladji atadzipinda pakona.

"Akukwera! Akukwera!"

Tenin anasuzumira pansi. Agogo sankakwera. Anaima patsinde pa masitepe. Ankawayang'ana masitepewo ngati ndi phiri. Dzanja lina linali pandodo. Dzanja lina linali pabondo.

Tenin anaona zimenezo. Anagwira Ladji dzanja.

"Bwera uone. Ndili pompa. Sindikusiya."

Kenako anafuula.

"Agogo Traoré! Paja munati mudzakwera. Kwerani tione!"

Agogo anayang'ana Tenin. Anayang'ana kadiso ka Ladji kakusuzumira. Anamvetsa.

"Ndikubwera!" anatero.

Anakweza mwendo. Anaponda sitepe yoyamba. Bondo linati kwee! Anaponda yachiwiri. Bondo lina linati kwaa!

"Mayo, mawondo anga!"

Anakhala pansi pomwepo, phwa! Ndodo inagwa. Chipewa chinapendekeka. Ndipo sikunali kusewera kokha ayi. Thukuta linali mbwee pamphumi.

"Masitepe ine ndinasiya kalekale," anatero akupuma. "Ukuganiza kuti m'kanjira ndimagonamo chifukwa chokonda fumbi?"

Ladji anatulutsa mutu wonse.

"Sakwera?"

"Sangakwere," anatero Tenin. "Mimba yadzaza nyemba."

"Thumba lili kuti?"

Agogo anatambasula manja. Anakutumula mkanjo.

"Thumba ndilibe. Ndili ndi bango basi."

Tenin ananong'oneza Ladji m'khutu.

"Iwe ndiwe Diarra. Iwo ndi a Traoré. Akakusereula, nawenso uziwasereula. Nena kuti, odya nyemba."

Ladji anayang'ana Tenin. Anayang'ana agogo.

"Odya nemba," ananong'ona.

Agogo anagwira pachifuwa.

"Mayo! Andilasa!"

Ladji anaphethira. Anayesanso, mokwezako.

"Odya nemba!"

"Mayo! Ndafa ine! Anthuni, ndithandizeni!"

"Odya nembaaa!"

Agogo anagwetsa mutu n'kutulutsa lilime. Ladji anaseka. Anaseka mpaka kamimba kakugwedezeka. Amayi anatuluka m'khitchini ndi chipande m'manja. Kuseka kumeneku anali atakusowa.

Agogo anatsegula diso limodzi.

"Ndiponso ndani angagule Diarra? Amadya kwambiri. Ngakhale waulere, palibe angamutenge."

"Agogo!" anadzudzula Tenin. Ankaopa kuti zayambiranso.

Koma Ladji anaponda mwendo pansi.

"Ayi! Odya kwambili inu!"

"Wamva?" anatero agogo. "Uyu ndi Diarra weniweni."

Ladji anatsika. Sitepe imodzi, n'kuima. Ina, n'kuima. Anakhala pamwamba pang'ono pa agogo. Analandira bango ndi manja awiri. Kenako anagwira bondo la agogo ndi kachala.

"Likupweteka?"

"Pang'ono."

Ladji analiuzira mpweya. Fuu, fuu.

Madzulo anadya mpunga wa nsinjiro. Kum'mawa mitambo inali itada. Kutali kwambiri mphezi inkang'anima popanda phokoso. Tenin anatsuka mbale msangamsanga. Anaima pafupi ndi Amayi.

"Amayi, tiyese kugona padenga?"

Amayi anayang'ana mitambo. Anayang'ana Ladji. Anayang'ana Tenin nthawi yaitali.

"Tiyese. Koma akalira, titsika."

Amayi anatenga mkeka. Tenin anatenga mtsamiro. Ladji anatenga poti yake yekha.

Kamphepo kanawalandira pamwamba. Kanali kozizira bwino. Tenin anatambasula manja kuti kamupite m'khwapa.

"Tenin!" anafuula Hawoye. "Wabwera!"

"Ndabwera!"

M'kanjira munamveka phokoso. Ngo, ngo, ngo! Onse anasuzumira. Agogo Traoré anakhala pabedi pawo. Pamutu anavala beseni lalikulu. Ankaligogoda ndi supuni ya tiyi.

"Diarra! Ndakonzeka! Lero usavutike, ndafunda!"

Anthu anaseka pamadenga onse. Ulendo uno Ladji anaseka nawo.

"Odya nemba, gonani!"

"Ugone iweyo, mimba ya nyemba!"

Amayi anayala mkeka. Anamukokera Ladji pafupi.

"Tamvera, mwanangu. Ukadzuka, poti ili apa. Ukapanda kudzuka, mkeka ukanyowa, tichapa. Basi."

"Basi?"

"Basi."

Ladji anapita papoti. Anakhala. Anadikira.

Tsoooo!

"Bwerani muone!"

Amayi anaona. Tenin anaona. Hawoye anasuzumira pakakhoma, nayenso anaona.

Ladji anagona pamkeka.

"Poti ili pompa?"

"Ili pompa," anatero Tenin.

"Agogo ali pansi?"

"Ali pansi."

"Sakwera?"

"Sakwera."

Ladji anatseka maso. Tenin anadikira. Anadikira mawu aja. Anamva bulu akulira kutali. Anamva wina akuthira tiyi. Kenako anamva kaphokoso kena pafupi. Frrr, frrr. Ladji ankaliza mkonono.

Tenin anagona chagada. Nyenyezi zinalipo, mbali imene mitambo inali isanafike. Zinali zambirimbiri. Hawoye anayandikira kakhoma. Anayamba nkhani zake za padenga. Tenin anatembenukira kukakhomako n'kumvetsera. Anaseka atatseka pakamwa. Nayenso ananena zake.

Kenako anamva dzanja kumsana. Linali la Amayi. Linkakanda pang'onopang'ono, ngati kale. Tenin sanatembenuke. Ankaopa kuti lingachoke. Silinachoke, ndipo tulo tinabwera.

Dontho linagwa pamphuno pake. Tho!

Tenin anatsegula maso. Kunja kunkayamba kuyera. Dontho lina linagwa patsaya. Lina pamkono. Mphepo inanunkhira dothi lonyowa.

"Mvula! Mvula!"

Madenga onse anadzuka. Anthu ankapinda mikeka. Ankatola mitsamiro. Ana ankakuwa. Madzi anayamba kuthamangira pakabowo ka pakona.

M'kanjira munamveka mawu.

"Ladji! Wayambanso? Lero ndiye wamwa mtsinje wonse!"

Tenin anasuzumira. Agogo Traoré ankakoka bedi lawo, beseni lili pamutu.

"Ndi mvula, odya nyemba inu! Ladji ali m'tulo!"

"Wagona?" anafunsa amayi a Hawoye.

"Wagona!"

"Akuti wagona!" wina anafuula padenga lina.

"Shhh!" anatero Amayi. "Mundidzutsira mwana!"

Koma Ladji sanadzuke. Amayi anamunyamula. Mutu wake unagwera paphewa pawo, kukamwa kuli yasa. Tenin anapinda mkeka. Mkekawo unali wonyowa. Kaya ndi mvula, kaya ndi Ladji, palibe anafunsa.

"Chaka chamawa!" anafuula Hawoye akuthawa.

"Chaka chamawa!" anayankha Tenin.

Anakhala pakhomo la chipinda. Mvula inkagwa pabwalo. Ladji anali pamiyendo pa Amayi, akadali m'tulo. Tenin anayang'ana masitepe. Madzi ankatsika pamenepo, sitepe ndi sitepe.

"Pepa, mwanangu," anatero Amayi. "Wadikira nthawi yaitali. Ndiye wagonako usiku umodzi wokha."

Tenin anapukuta madzi kumaso. Anamwetulira.

"Koma wonse, Amayi. Usiku wonse wathunthu."

Amayi anamusunthira Ladji mbali imodzi. Panapezeka malo. Tenin anaika mutu wake pamenepo, ndipo awiriwo anamvetsera mvula limodzi.